Kodi Kulera Chitsamba Mumphika N'kuchisamala Kapena N'kuchizunza?

Bonsai ndi luso lolera mtengo kapena chitsamba mumphika wosaya, n'kumachidulira mizu ndi nthambi mpaka chioneke ngati mtengo waukulu wokalamba, chonsecho nthawi zambiri msinkhu wake sufika n'komwe m'chiuno mwa munthu. Kamtengo kotere si mtundu wapadera wa mitengo yopinimbira. Mbewu yake ikafesedwa pansi imamera mtengo wamsinkhu wonse, ndipo kamtengo komweko kakazulidwa mumphika n'kuwokeredwa m'munda kamayambanso kukula monga anzake. Kuchepa kwake ndi ntchito ya manja a munthu, ndipo kumatha manjawo akangoleka. N'chifukwa chake lusoli lakhala likudzutsa funso lakale pakati pa anthu oganiza mozama ku China ndi ku Japan: kodi munthu ali ndi ufulu woumba chamoyo china monga momwe maso ake akufunira, nanga malire a ufuluwo ali pati? Funsoli limamveka bwino kwambiri pa chitsamba cha maluwa, chifukwa chitsamba chimasinthidwa kuposa mtengo. Chimene chinabadwa kuti chiyange pansi ndi nthambi zambirimbiri chimaphunzitsidwa kuimirira pa thunthu limodzi.

Kumene lusoli linachokera

Chiyambi chake ndi ku China, kumene luso lokonza timitengo ndi timiyala m'mbale limatchedwa penjing. Pa khoma la manda a Kalonga Zhanghuai, amene anamangidwa mu 706 mu ufumu wa Tang, pali chithunzi cha antchito atanyamula mbale zotere. Lusoli linawoloka nyanja n'kufika ku Japan pamodzi ndi zinthu zina zambiri za chikhalidwe cha Chitchaina, ndipo amonke Achibuda a gulu la Zen anathandiza kulifalitsa. Zithunzi za Kasuga Gongen Genki, za mu 1309, zimasonyeza timitengo ta m'miphika titaikidwa pakhomo pa munthu wolemera.

M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 mpaka 1868, kulima maluwa kunafalikira ngakhale kwa anthu wamba a m'mizinda. Chimodzi mwa zitsamba zimene zinakondedwa kwambiri ndi azalea wa mtundu wa satsuki, amene akatswiri a zomera amamutcha Rhododendron indicum. Mu 1692 mlimi wa maluwa Ito Ihei anatulutsa buku la Kinshu Makura lofotokoza mitundu yosiyanasiyana ya azalea. Chivomerezi cha mu 1923 chitagumula Tokyo, olera bonsai ambiri anasamukira ku Omiya, kumene anakhazikitsa mudzi wawo mu 1925, ndipo mu 1934 kunayamba chionetsero chachikulu cha Kokufu-ten mu Tokyo. Lero lusoli lili m'maiko ambiri, ndipo kulikonse limatengera maonekedwe a mitengo ya kumaloko. Ku South Africa kuli kaumbidwe kotchedwa Pierneef, kotsanzira mitengo ya minga ya m'tchire yokhala ndi msonga yafulati, komanso kaumbidwe kotsanzira mlambe.

Zimene chitsamba chimakumana nazo

Funso la chilungamo cha ntchitoyi silingayankhidwe popanda kudziwa ntchitoyo. Chitsamba cha satsuki chimene chakhala zaka zambiri m'munda chimakumbidwa ndi dothi la kumizu kwake, n'kudulidwa kwambiri, kenako n'kuikidwa m'bokosi lathabwa kapena mumphika waukulu. Kwa chaka chimodzi kapena ziwiri sichikhudzidwa, chimangothiriridwa ndi kupatsidwa feteleza kuti chipezenso mphamvu. Chikaphuka bwino, wolera amasankha tsinde limodzi loti likhale thunthu, ndipo ena onse amachotsedwa. Mphukira zimene zimatuluka patsinde pa chitsambacho zimathotholedwa nthawi zonse, chifukwa zikasiyidwa chimabwerera ku chikhalidwe chake chakale.

Apa pali chinthu chimene chimasiyanitsa satsuki ndi mitengo yambiri. Paini ndi mitengo ina imathamangitsira mphamvu kunsonga, motero wolera amadulira kwambiri kumwamba. Satsuki mphamvu zake zili kunsi ndi m'mbali, ndipo nsonga yake ndi yofooka. Amene amadulira chitsambachi monga momwe amadulirira paini amapeza kumwamba kwauma. Nthambi zake ndi zosachedwa kuthyoka ndipo khungwa lake ndi lopyapyala, choncho ambiri amagwiritsa ntchito waya wa aluminiyamu, amene ndi wofewa kuposa wamkuwa. Wayayo amakulungidwa mopendekera, ndipo kunenepa kwake kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa nthambi. Amachotsedwa nthambi isananenepe n'kumumeza, apo ayi chipsera chimakhalapo zaka zambiri.

Mizu yake ndi yaing'onoing'ono, yolukana ngati mkeka, ndipo imafuna dothi la asidi. Ku Japan amagwiritsa ntchito kanuma, dothi lopepuka lachikasu lochokera ku mapiri ophulika, lokumbidwa m'dera la mzinda wa Kanuma m'chigawo cha Tochigi. Madzi a laimu wambiri amachititsa masamba kuchita chikasu. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu chitsamba chimazulidwa mumphika, mbali ina ya mizu imadulidwa, n'kuikidwa dothi latsopano. Izi zikapanda kuchitika mizu imadzaza mphika, madzi salowanso, ndipo chitsamba chimafa pang'onopang'ono.

Ku Japan maluwa amatuluka m'miyezi ya Meyi ndi Juni. Akangofota amachotsedwa pamodzi ndi kamutu kamene kakanabala mbewu, ndipo kudulira kwakukulu kumachitika nthawi yomweyo, popeza timitu ta maluwa a chaka chotsatira timayamba kupangika m'miyezi yotentha imene imatsatira. Wodulira mochedwa amadula maluwa a chaka chamawa. Chaka chimene chitsamba chadulidwa mizu kapena chikuoneka chofooka, olera ambiri amathothola timitu tonse kuti chisatope ndi kubala maluwa. Ndondomeko ngati yomweyi, mosiyana pang'ono, imatsatidwa pa zitsamba zina monga bougainvillea, amene amapezeka m'mipanda yambiri ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Harare.

Mlandu wa otsutsa

Otsutsa lusoli anayamba kale kwambiri, ndipo anali a m'maiko momwemo. Yoshida Kenko, mmonke wa ku Japan amene analemba buku la Tsurezuregusa cha m'ma 1330, anasimba za nduna ina, Hino Suketomo, amene ankakonda timitengo topindikapindika. Tsiku lina atabisala mvula pa chipata cha kachisi wa Toji ku Kyoto, anaona anthu olumala atasonkhana pamenepo, ndipo anayamba kuwayang'anitsitsa ngati chinthu chosangalatsa maso. Atabwerera kwawo anazindikira kuti chidwi chake pa timitengo tija chinali cha mtundu womwewo, ndipo anatizula tonse n'kutitaya. Nkhaniyi imanena za anthu olumala mosawalemekeza, monga zinalili m'nthawi imeneyo, komabe funso limene imasiya ndi lenileni: kodi diso limene limakondwera ndi kupindika likukondwera ndi chiyani?

Mlandu waukulu kuposa uwu unachokera kwa Gong Zizhen, mlembi wa ku China amene anakhala ndi moyo kuyambira 1792 mpaka 1841. Iye analemba nkhani yaifupi yonena za nyumba yosungiramo mitengo yodwala ya mei, mtengo wamaluwa wa banja la mapulamu. Anadandaula kuti anthu ophunzira anagamula kuti mtengo wa mei wokongola ndi wokhota, wopendekera ndi wa nthambi zochepa, ndipo ogulitsa atamva zimenezi anayamba kudula nthambi zowongoka ndi kumanga zotsalazo kuti apeze ndalama zambiri. Iye akuti anagula miphika 300, yonse ya mitengo yodwala, namasula zingwe, naswa miphika, nabzala mitengoyo pansi, n'kudzipatsa zaka zisanu zoti aichiritse. Owerenga ake ankadziwa kuti sakunena za mitengo yokha. Ankadzudzula boma la Qing chifukwa chopinda maganizo a anthu aluso mpaka onse afanane ndi zimene akuluakulu ankafuna.

Muzu wa maganizo amenewa uli m'chiphunzitso cha Chitao. Buku la Zhuangzi, la zaka zoposa 2,000 zapitazo, limasimba za mmisiri wa matabwa amene anadutsa mtengo waukulu wa pa kachisi osauyang'ana n'komwe, ati matabwa ake ndi opanda ntchito. Usiku mtengowo unamudzera m'maloto n'kumuuza kuti mitengo ya zipatso imathyoledwa ndi kufa msanga chifukwa cha phindu lake, pamene iwo wafika pa ukalamba chifukwa palibe amene anaupezera ntchito. Phunziro lake ndi lakuti chinthu chilichonse chili ndi njira yakeyake, ndipo dzanja la munthu likalowererapo limawononga. Chodabwitsa n'chakuti mtengo wokalamba wopotokapotoka umene Zhuangzi ankautamanda ndi umene olera bonsai amautsanzira. Amafuna maonekedwe a mtengo umene munthu sanaukhudze, koma amawapeza poukhudza tsiku ndi tsiku.

Yankho la olera

Mbali inayo nayonso ili ndi akuluakulu ake. M'sukulu ya Confucius munali mkangano wa chibadwa cha munthu, ndipo zitsanzo zake zinali za mitengo. Xunzi ankaphunzitsa kuti munthu amabadwa wokhota ngati thabwa lopindika, lofunika kulifewetsa ndi nthunzi ndi kulipanikiza kuti liwongoke. Gaozi anafanizira chibadwa cha munthu ndi mtengo wa msondodzi, ndipo khalidwe labwino analifanizira ndi zikho zosemedwa kuchokera ku mtengowo. Mencius anakana fanizoli. Anafunsa ngati zikhozo zimapangidwa motsata chibadwa cha msondodzi kapena mouwononga, nachenjeza kuti ngati khalidwe labwino limabwera powononga munthu, anthu adzayamba kuliona ngati tsoka. Kwa iye ubwino uli kale mwa munthu ngati mmera, ndipo ntchito ya mphunzitsi ndi kuulimira. Anasimbanso za mlimi wa ku dziko la Song amene anaona mbewu zake zikuchedwa kukula, nayamba kuzikoka kuti zitalike, ndipo mwana wake atathamangira kumunda anapeza zonse zafota. Mencius anadzudzula anthu awiri nthawi imodzi: wosiya munda osaupalira, ndi wokoka mbewu.

Mwambi wa Chichewa wakuti kuwongola mtengo m'poyamba uli pafupi ndi maganizo amenewa. Umavomereza kuti kuwongola n'koyenera, koma umaikanso malire, pakuti mtengo uli ndi nthawi imene umalola ndi nthawi imene umathyoka.

Olera bonsai amaima pamenepa. Iwo amati wolera sangalamule chitsamba kuchita chimene chibadwa chake sichilola. Sangachititse satsuki kukonda laimu, kapena kulimbitsa nsonga yake podula kumwamba, kapena kubala maluwa pa nthambi imene yadulidwa mochedwa. Chilichonse chimene amachita chimadalira zimene chitsambacho chimachita chokha: kuphuka pamene chadulidwa, kutseka bala, kuumitsa nthambi pamalo pamene yagwiridwa. Mphepo, chilala, miyala ndi mbuzi zimachita zomwezo ku mitengo ya m'mapiri, ndipo timitengo toyamba ta bonsai tinali totengedwa kumeneko, titapinimbira kale tokha. John Naka, mphunzitsi wotchuka wa lusoli ku America, ankalangiza ophunzira ake kuti cholinga chikhale chakuti kamtengo kaoneke ngati mtengo weniweni.

Baibulo nalonso limalankhulapo. Pa Genesis 2:15 munthu akuikidwa m'munda ndi ntchito ziwiri, kuulima ndi kuusunga, ndipo ziwirizi zaperekedwa pamodzi. Pa Yohane 15 Mulungu akufaniziridwa ndi mlimi wa mpesa amene amadulira nthambi yobala kuti ibale koposa. M'fanizoli mpeni si chizindikiro cha udani, koma cholinga cha kudulirako ndi chipatso cha mpesawo. Apa bonsai imasiyana pang'ono ndi munda wa mpesa, pakuti cholinga chake ndi kukongola kumene munthu akukufuna, ndipo chitsamba sichipindula kanthu ndi kuoneka ngati mtengo wokalamba.

Kodi chitsamba chimavutika?

Mawu akuti kuzunza amafuna chinthu chimene chimamva kuwawa. Zomera zilibe ubongo kapena mitsempha yotumiza ululu monga nyama. Zimazindikira kuwala, madzi ndi bala, ndipo zimachitapo kanthu, koma palibe umboni wakuti zimamva kupweteka. Choncho mlandu wa nkhanza, m'lingaliro limene umagwirira ntchito pa galu kapena ng'ombe, sugwira pa chitsamba. Chimene chingayezedwe ndi thanzi: masamba obiriwira, mizu yoyera, mphukira zamphamvu ndi moyo wautali.

Pa muyezo umenewu umboni uli mbali zonse ziwiri. Kamtengo ka paini ka banja la Yamaki kakhala kakuleredwa mumphika kuyambira mu 1625. Kanapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo mu 1976 Masaru Yamaki anakapereka ngati mphatso ku America, kumene kakusungidwa ku National Arboretum mu mzinda wa Washington. Ku nyumba ya mfumu ku Tokyo kuli paini wina amene amati ankasamalidwa ndi Tokugawa Iemitsu, wolamulira wa m'zaka za m'ma 1600. Mitengo yotere yatetezedwa ku moto, ku tizilombo ndi ku nkhwangwa. Komano timitengo tambirimbiri timafera m'manja mwa ongoyamba kumene, chifukwa chouma, kuthiriridwa mopitirira kapena kusungidwa m'nyumba mopanda dzuwa. Ndiponso kukumba timitengo ta m'mapiri kunatha pafupifupi mitengo yonse yakale ya shimpaku, ya banja la mkungudza, m'madera ena a Japan. Pamenepa dandaulo la Gong Zizhen limaoneka loona: msika ukalowapo, diso la wogula ndi limene limalamula.

Mphamvu imabwera ndi ngongole

Chitsamba cha m'munda chimadzipezera chokha madzi. Chikalowa mumphika wosaya chimadalira munthu pa chilichonse, ndipo m'nyengo yotentha tsiku limodzi kapena awiri osathirira ndi okwanira kuchipha. Wolera akadula mizu amakhala watenga ngongole imene adzaibweza tsiku lililonse, ndipo popeza mtengo ungathe kukhala ndi moyo kuposa iye, ngongoleyo imasiyidwa kwa ana kapena kwa ophunzira ake. Mu 2019 akuba anaba timitengo tisanu ndi tiwiri m'munda wina ku Kawaguchi, pafupi ndi Tokyo, kuphatikizapo shimpaku wa zaka pafupifupi 400. Eni ake polengeza za kubedwako anapempha akubawo kuti azithirira bwino timitengoto. Pempho limeneli likusonyeza kuti kwa olera enieni kukhala mwini mtengo ndi udindo kuposa ufulu.

Chibuda chimawonjezapo phunziro la kusakhalitsa kwa zinthu. Chitsamba cha satsuki chimasamalidwa chaka chonse chifukwa cha maluwa a masabata ochepa, ndipo maluwawo amachotsedwa ndi dzanja lomwelo limene linawadikira. Ntchitoyi ilibe tsiku limene ingatchedwe yomalizidwa, pakuti kaumbidwe kamene kaoneka bwino chaka chino kamasokonezeka ndi mphukira za chaka chamawa. Palinso malire amene luso silidutsa. Masamba a mitengo yambiri amachepa akaleredwa mumphika, koma maluwa ndi zipatso zimakhalabe pafupifupi pa msinkhu wake wachibadwa. Mitundu ina ya satsuki imatulutsa maluwa oyera, ofiira ndi amawangamawanga pa chitsamba chimodzi, ndipo wolera sadziwiratu kuti nthambi yatsopano idzabala otani. Munthu amalamulira thunthu ndi nthambi, koma duwa limatsata lamulo lake.

Mwambo wa ku Japan umadziwanso malo oyenera a kamtengo poyerekeza ndi munthu. Sewero lakale la Noh lotchedwa Hachi no Ki limasimba za msilikali wosauka, Sano Tsuneyo, amene analandira mmonke wapaulendo usiku wa chipale chofewa. Posowa nkhuni, anadula timitengo take titatu ta m'miphika, pulamu, tcheri ndi paini, n'kusonkha moto kuti mlendo awothe. Pambuyo pake zinadziwika kuti mlendoyo anali Hojo Tokiyori, wolamulira amene ankayenda modzibisa. Seweroli limatamanda munthu amene ankakonda timitengo take koma anadziwa kuti mlendo wozizidwa ndi woposa ito.

Pamene fanizo limalekera

Anthu ambiri amatenga bonsai ngati chithunzi cha kulera mwana, kuphunzitsa wophunzira kapena kuumba mtima wa wokhulupirira. Fanizoli lili ndi mbali yoona. Wolera ayenera kudziwa chibadwa cha chimene akulera, kudikira nthawi yake, kusadula zambiri nthawi imodzi, ndi kuchotsa waya asanalowe m'khungwa. Koma lili ndi ngozi yake. Cholinga cha bonsai ndi chakuti mtengo usafike pa msinkhu wake ndipo usachoke mumphika. Cholinga cha kulera munthu ndi chosiyana kotheratu: kuti akule, aime payekha, ndipo tsiku lina asafunenso womugwira dzanja. Chitsamba chilibe maganizo akeake pa za tsogolo lake, pamene munthu ali nawo. Kholo, mphunzitsi, mtsogoleri wa mpingo kapena boma limene limadula mizu ya anthu kuti akhale aang'ono ndi osavuta kuwasunga likuchita chimene Gong Zizhen anachidzudzula, ndipo kukongola kwa zotsatira zake sikulichotsera mlandu.

Pa chitsamba chenichenicho, chigamulo chimadalira zinthu zitatu zooneka ndi maso. Choyamba, ngati ntchitoyo ikutsata chibadwa cha chomeracho pa dothi, madzi ndi nyengo yodulira. Chachiwiri, ngati thanzi lake likuikidwa patsogolo pa maonekedwe, monga zimachitikira wolera akathothola timitu ta maluwa kuti chitsamba chofooka chipume. Chachitatu, ngati amene wadula mizu wavomera kuthirira kwa moyo wake wonse ndi kupeza womusiyira. Zitatuzi zikakwaniritsidwa, kulera chitsamba mumphika ndi mtundu wina wa ulimi, wofuna kudekha ndi kudzichepetsa. Chimodzi chikasowa, otsutsa amakhala kuti akunena zoona.